Zaka 50 pa Doko la Chanyanya: Kodi Muno Mudzatsala Wopemphera?



Komiti ya jubile itatipempha kuti tilembe mbiri ya mpingo wathu, tinayamba ndi kutulutsa mabuku akale m'kabati. Ena chiswe chinawalawa, ena masamba ake anamatana ndi chinyezi. Tinakhala madzulo angapo ndi akulu a mpingo tikuwerenga mokweza maina a obatizidwa, kuti owadziwa atiuze kumene ali. Pa dzina lina ankayankha kuti, "Anagona." Pa lina ankati, "Ali ku Kanyama," kapena, "Ali ku nzimbe ku Mazabuka," kapena, "Analowa mpingo wina." Zimenezo sizinatidetse nkhawa kwambiri. Chimene chinatilemera ndi maina amene yankho lake linali lakuti, "Alipo mommuno, koma sapemphera kulikonse."

Tsiku lomaliza, mayi wina wachikulire, mmodzi mwa ochepa otsala amene anaona chiyambi cha mpingo uno, anatifunsa kuti, "Abusa, ife tinapemphera pansi pa mtengo, inu mukupemphera pansi pa malata. Nanga zaka 50 zikubwerazi, muno mudzapezeka munthu?" Tsiku lija tinangoti, "Amayi, tipatseni nthawi." Funso lawo ndi lolemera, ndipo Ambuye mwini anafunsa lofanana nalo pa Luka 18:8. Tiyesa kuliyankha poyang'ana m'mbuyo, chifukwa mbiri ya mpingo ili ndi zitsanzo za chikhulupiriro chimene chinakula ndi chimene chinazilala.

Mmene Mawu anafikira ku mtsinje uno

David Livingstone anaoloka Kafue mu Disembala 1855 ali pa ulendo wochokera ku mathithi a Mosi-oa-Tunya kulowera ku nyanja ya kum'mawa. Iye anangodutsa, sanasiye mpingo. Amene anabwera kudzakhala m'chigwa chino anali a Primitive Methodist ochokera ku England, amene anamanga misoni ku Nkala mu 1893 pakati pa Aila, kumadzulo kwa dambo lathu lomweli. Mu 1905 ansembe a Chikatolika anayamba ntchito ku Chikuni, ndipo a Seventh-day Adventist anayamba ku Rusangu. Mlatho wa sitima unamangidwa pa Kafue mu 1906, ndipo mu 1918 a Methodist aja anatsegula sukulu yophunzitsa aphunzitsi ndi alaliki pafupi ndi tauni ya Kafue, imene lero tikuidziwa kuti Kafue Boys. Harry Mwaanga Nkumbula ndi mmodzi mwa amene anaphunzira pamenepo. Kum'mawa kwa dziko lino a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ndipo mu 1922 Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'Chinyanja.

Mpingo wathu uno sunayambidwe ndi mmishonale. Dambo la Kafue lili ndi eni ake akale, Abatwa, Aila ndi Atonga, koma nsomba zake zinaitana anthu ochokera kutali: a ku Luapula ndi Bangweulu, a ku Bulozi, a ku Chipata ndi Petauke, ena a ku Malawi. Ena mwa iwo anali Akhristu kwawo, ndipo m'mitolo yawo, pamodzi ndi maukonde ndi mapoto, munali Baibulo ndi buku la nyimbo. Iwowa ndiwo makolo a mpingo uno.

Tinabadwa pakati pa madamu awiri

Zaka 50 zapitazo mtsinje wathu unali ukusintha. Damu la Kafue Gorge linali litangomangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo madzi anayamba kukhalitsa m'malo amene kale ankaphwa m'chilimwe. Kumtunda ankamanga damu la Itezhi-Tezhi, limene linatha mu 1977. Kuyambira pamenepo kusefukira kwa madzi kunayamba kuyendera ndondomeko ya opanga malaiti, osati mvula yokha. M'tauni ya Kafue mafakitale a Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles anali atsopano, anthu anali pa ntchito, ndipo nsomba za ku Chanyanya zinali ndi msika. Koma malire a Rhodesia anali atatsekedwa mu 1973, mtengo wa kopa unagwa mu 1975, ndipo akulu athu akukumbukira mizere ya ufa, sopo ndi mafuta ophikira imene inatsatira.

M'masiku amenewo mabanja owerengeka anayamba kukumana pansi pa mtengo Lamulungu m'mawa, amuna atangotsika m'mabwato, maso ali ofiira ndi tulo. Analibe mbusa. Wodziwa kuwerenga ndiye ankawerenga, ndipo wina ankamasulira m'Chibemba kapena m'Chitonga kuti pasakhale wotsala. Kenaka anamanga kachisi wa mitengo ndi dothi, denga la udzu. Amayi ndiwo ankatunga madzi oumbira njerwa pamene tinayamba nyumba yokhazikika, ndipo malata ena anagulidwa ndi ndalama za nsomba zouma zimene asodzi ankapatula pa zimene agwira. Mbusa ankabwera kuchokera m'tauni pa njinga mwakamodzikamodzi kudzabatiza ndi kudzagawa Mgonero, ndipo nthawi ya dzinja msewu ukaipa ankatha miyezi osaoneka. Ife amene tikulemba tinali tisanabadwe. Zonsezi tazimva kwa amene anaziona, ndipo tikuzilemba kuti ana athu adziwe kuti mpingo uno unakhala zaka zambiri uli m'manja mwa anthu wamba.

Katatu konse anthu anati zatha

Mpingo wathu uli wakhanda, m'dziko munali maganizo akuti sukulu ndi sayansi zikafalikira, chipembedzo chidzatha chokha. Panali akuluakulu ena amene ankafuna kuti chiphunzitso cha Karl Marx chilowe m'masukulu. Mu 1979 mabishopu a Chikatolika, Christian Council of Zambia ndi Evangelical Fellowship of Zambia analemba pamodzi kalata yochenjeza Akhristu za chiphunzitso chimenecho. Lero ana athu ambiri sanamvepo n'komwe za mkangano uja, koma mipingo imene inalemba kalatayo ilipobe.

Kachiwiri kanali kowawa kwambiri. Matenda a Edzi atafika, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza poyera mu 1987 kuti mwana wake anamwalira nawo, koma m'midzi ndi m'misasa ya asodzi anthu ankangonong'ona. M'zaka za m'ma 1990 mafakitale a m'tauni anayamba kuchepetsa antchito, ndipo ambiri amene ntchito inawathera anatsikira kuno kumadzi, maukonde anachuluka, nsomba zinachepa. M'mabuku athu masamba a maliro a zaka zimenezo ndi odzaza kuposa masamba a maukwati. Panali sabata zimene kwaya inkaimba kumanda katatu. Ena anafooka, ena anati Mulungu watitaya. Tiyeneranso kuvomereza pa jubile ino kuti nthawi zina tinaweruza odwala m'malo mowasamalira. Koma amayi a mpingo uno ndiwo ankasambitsa odwala, kuphikira ana amasiye ndi kugona pa maliro, kufikira mankhwala otalikitsa moyo anayamba kupezeka. Ana ambiri amasiye a nthawi imeneyo ndiwo akulu a mpingo ndi aphunzitsi a Sande sukulu lero. Akafunsidwa chifukwa chimene anakhalira, satchula ulaliki wina uliwonse. Amatchula mayi amene ankawabweretsera nsima.

Kachitatu ndi kaposachedwa. Mu Malichi 2020 matenda a Covid-19 anafika m'dziko muno ndipo zitseko za matchalitchi zinatsekedwa. Tinapemphera m'nyumba zathu, ena pa wailesi, ena pa foni. Zitseko zitatsegulidwa ambiri anabwerera, koma si onse. Pali mipando imene eni ake ali moyo, ali bwino, koma anazolowera kukhala kunyumba.

Pakati pa zonsezi, pa 29 Disembala 1991, Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo aakulu a dziko. Kalembera wa 2010 anapeza kuti anthu 95 pa anthu 100 alionse m'Zambia amadzitcha Akhristu. Munthu akaona zimenezi akhoza kunena kuti funso la mayi athu aja ndi losafunika. Koma tiyeni tione kumene kunachokera amishonale.

Chaona mnzako chapita

A Primitive Methodist amene anafika ku Nkala anali mpingo wa anthu osauka. Unayamba ndi msonkhano wa pabwalo pa phiri la Mow Cop mu 1807, motsogozedwa ndi Hugh Bourne, ndipo unafala pakati pa oumba mbiya, okumba malasha, antchito a m'mafamu ndi asodzi a m'mphepete mwa nyanja ya England. Anali anthu ngati ife, oimba mokweza, omanga timatchalitchi ting'onoting'ono ndi ndalama zawo zochepa. Kuchokera m'ndalama zomwezo anatumiza amishonale ku mtsinje wa Kafue. Mu 1932 mpingowo unaphatikizana ndi a Methodist ena. Lero timatchalitchi tambiri timene anamanga tinatsekedwa, tina tinasanduka nyumba zogona, tina mosungira katundu.

Kalembera wa ku England ndi Wales akuonetsa mmene zinthu zayendera. Mu 2001 anthu pafupifupi 72 pa 100 ankadzitcha Akhristu. Mu 2011 anali 59. Mu 2021 anali 46, ndipo 37 pa 100 anati alibe chipembedzo chilichonse. Ku Scotland, kwawo kwa Livingstone, kalembera wa 2022 anapeza kuti oposa theka la anthu alibe chipembedzo. Kumeneko palibe amene anazunza mpingo kapena kuwotcha Mabaibulo. Ofufuza a kumeneko apeza kuti kutsikaku kumayenda ndi mibadwo: agogo ankapemphera sabata iliyonse, ana awo mwa apo ndi apo, adzukulu pa ukwati ndi pa maliro pokha, ndipo zidzukulutudzi sizidziwa n'komwe khomo la tchalitchi. Zimenezi zikutikumbutsa zimene zalembedwa pa Oweruza 2:10 za mbadwo umene unabwera pambuyo pa Yoswa.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za azungu, kuno ku Africa sizingachitike. Zoonadi, ziwerengero za kuno ndi zolimbikitsa. Bungwe lofufuza la Pew Research Center linawerengera kuti mu 1910 Akhristu a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anali pafupifupi 9 miliyoni, ndipo mu 2010 anaposa 500 miliyoni. Bungwe lomwelo linanena mu 2015 kuti pofika 2050, Akhristu anayi pa khumi alionse a pa dziko lapansi adzakhala ali kuno. Koma pamene tinali ku sukulu ya Baibulo tinaphunzira nkhani imene sitinaiiwale, ndipo ndi nkhani ya anthu akuda a m'mphepete mwa mtsinje.

Ku Nubia, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, kumene lero ndi kumpoto kwa Sudan, Chikhristu chinafika m'zaka za m'ma 500 ndipo chinakhala zaka pafupifupi 1,000. Kunali mafumu a Chikhristu, mabishopu ndi matchalitchi okongola. Koma mabishopu awo ankadzozedwa ku Alexandria, ku Egypt, ndipo nkhondo ndi kusintha kwa maufumu zitadula njira imeneyo, atsogoleri anayamba kusowa. Wansembe wa Chipwitikizi, Francisco Álvares, amene anakhala ku Ethiopia m'zaka za m'ma 1520, analemba kuti kunabwera amuna ochokera ku Nubia kudzapempha mfumu ya Ethiopia kuti iwapatse ansembe owaphunzitsa, koma anabwerera chimanjamanja. Patapita mibadwo ingapo, mpingo wa ku Nubia unazimiririka. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri ofukula zakale ochokera ku Poland anafukula tchalitchi chachikulu cha ku Faras mumchenga, napeza zithunzi pamakoma ndi mndandanda wa maina a mabishopu. Anachotsa zithunzizo mofulumira chifukwa madzi a damu la Aswan anali kubwera. Lero malowo ali pansi pa madzi. Kumpoto kwa Africa, kumene Augustine anali bishopu wa Hippo kufikira imfa yake mu 430, mpingo unazimiririkanso. Koma wa ku Egypt ndi wa ku Ethiopia ulipo mpaka lero.

Choncho mbiri ikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Mpingo wa Khristu pa dziko lonse sunathe, ndipo ife tikhulupirira lonjezo la pa Mateyu 16:18 kuti sudzatha. Koma lonjezo limenelo silinatchule Faras, silinatchule Mow Cop, ndipo silinatchule Chanyanya. Chikhulupiriro chikhoza kuchoka pa malo ena pamene chikukula kwina.

Zimene tikuona pakhomo pathu

Tchalitchi chathu chimadzaza, ndipo tikuyamika. Koma tikumbukire kuti mu 1969 Zambia inali ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni, ndipo kalembera wa 2022 anapeza oposa 19 miliyoni. Pamene ana akubadwa ochuluka chotere, nyumba iliyonse idzadzaza, kaya ndi sukulu, kaya chipatala, kaya tchalitchi. Kudzaza kwa mabenchi kungatibisire anthu amene akutuluka pa khomo lakumbuyo. Mabuku aja anationetsa kumene amatulukira.

Ambiri timawataya akangomaliza kalasi ndi kulandiridwa ku Mgonero. Mnyamata akapeza bwato lake, kapena mtsikana akapita kukagwira ntchito ku Lusaka, dzina lake limatsala m'buku koma palibe amene amamufunafuna. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo sitingawaletse kupita. Cholakwa chathu n'chakuti timawalola kupita opanda kalata yowapereka ku mpingo wa kumene akupita, ndipo sitiwaimbira ngakhale foni.

Abambo nawo ndi ochepa muno. Nthawi ya fishi bani, kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, mbali ya abambo imadzazako. Madzi akatsegulidwa, ambiri amalowa m'misasa ya m'dambo ndipo timawaonanso patapita miyezi. Makolo athu anayamba mpingo uno ali asodzi, koma ife tazolowera kudikira asodzi kuti atipeze pa nthawi imene ife taika.

China ndi umphawi. Nsomba zachepa, nkhanu zachilendo zija zikudya nsomba zili mu ukonde, udzu wa pamadzi umatseka njira za mabwato, ndipo chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse, chinapsereza chimanga ndi kutisiya mu mdima maola ambiri. Munthu wopanikizika amathamangira aliyense womulonjeza chozizwa. Taona abale athu akugula mafuta ndi madzi odzozedwa ndi ndalama ya ndiwo. Chozizwacho chikapanda kubwera, ena sabwerera kwa ife ndipo sapitanso kwina. Amati onse ndi amodzimodzi. Achinyamata athu amaona nkhani za abusa onyenga pa Facebook ndi pa WhatsApp tsiku ndi tsiku, ndipo amamvanso anthu ophunzira akunena kuti kulibe Mulungu. Akabwera ndi mafunso, nthawi zambiri timawauza kuti akhale chete, kufunsa n'kusakhulupirira. Mwana wouzidwa choncho kawiri safunsanso, ndipo tsiku lina amangosiya kubwera.

Pomaliza pali nyumba zathu. Tinafunsa ana a Sande sukulu kuti ndani amene kwawo amapemphera pamodzi madzulo. Manja amene anakwera anali ochepa. Makolo ambiri amatumiza ana ku tchalitchi iwo n'kutsala. Mwana amaphunzira msanga kuti kupemphera ndi kwa ana ndi agogo, ndipo akakula amachita zimene anaona.

Yankho lathu kwa amayi

Amayi, funso lanu tikuliyankha motere. Sitikuona chizindikiro chakuti dzina la Khristu lidzasowa m'Zambia m'zaka 50 zikubwerazi. Matchalitchi adzachuluka. Koma ngati muno mudzapezeke anthu okhulupirira ndi mtima wonse, odziwa Malemba, osamalira odwala monga inu munachitira, zimenezo zikudalira chisomo cha Mulungu ndi zimene ife tichite ndi ana amene ali pa mabenchi akutsogolo lero. A ku Nubia anasowa owaphunzitsa. A ku England anasiya kupatsira ana awo. Zonse ziwiri zikhoza kutichitikira, ndipo zonse ziwiri tikhoza kuzipewa.

N'chifukwa chake bwalo la akulu lagwirizana zinthu izi monga chopereka chathu cha jubile. Maina onse amene tinawerenga aja tawagawa m'magawo a mpingo, ndipo aliyense amene ali mommuno adzayenderedwa chaka chino, popanda kumudzudzula. Madzi saiwala khwawa. Aliyense wosamuka adzapatsidwa kalata, ndipo mkulu wa gawo lake adzasunga nambala yake ya foni. Madzi akatsegulidwa, alaliki athu azidzakwera bwato kamodzi pa mwezi kukapemphera ndi abale m'misasa, monga anachitira makolo athu. Tidzapatula gawo la chopereka kuti anyamata ndi atsikana a muno aphunzire kuphunzitsa Mawu, kuti mpingo usadzagwe tsiku limene mbusa adzasowe. Achinyamata adzakhala ndi madzulo awo ofunsa funso lililonse, ndipo ife abusa tikapanda kudziwa yankho tidzavomera ndi kukafufuza. Ndipo tikupempha banja lililonse kuti madzulo, musanagone, muwerenge ndime imodzi m'chilankhulo chimene ana anu amamva, kaya Chinyanja, Chitonga, Chibemba kapena Chilozi, ndipo abambo akakhalapo ayambe ndiwo. M'mera mpoyamba.

Pa Levitiko 25 chaka cha 50 chinali chaka chobwezera: wogulitsidwa ankabwerera kwa abale ake, ndipo munda unkabwerera kwa eni ake. Tikamadya ndi kuimba pa chikondwerero chino, tikumbukire abale amene maina awo ali m'mabuku athu koma mipando yawo ilibe munthu. Jubile yathu idzakwanira iwo akabwerera.

Tikuthokoza agogo athu amene anayamba pansi pa mtengo, amene ali moyo ndi amene anagona. Tikuthokoza abusa ndi alaliki onse amene anatumikira muno ife tisanabwere, amayi a mpingo, makwaya, aphunzitsi a Sande sukulu, ndi mipingo inzathu ya pa Chanyanya imene takhala tikulira nayo maliro limodzi. Mabuku akale aja tawakonza ndi kuwakutira bwino, ndipo tagula buku latsopano la ubatizo. Pemphero lathu ndi lakuti amene adzalitsegule pa jubile ya zaka 100, akadzawerenga maina a ana athu mokweza, padzapezeke oyankha kuti, "Ndili pano."

Mulungu adalitse mpingo wake.

Ife anu mu utumiki,
Abusa a mpingo